Cholakwika cha Bambo Mbewe Chinadzera Kukhitchini

Ku Glasgow ndinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo zonsezo ndinagwira ntchito pamalo amodzi: kakampani ka ku Partick, pamwamba pa sitolo ya mabuledi, masitepe makumi atatu ndi anayi kuchokera pamsewu. Ndinawawerenga tsiku loyamba. Ndi matenda a kunyuzipepala amenewo, kumene ndinagwirako ku Blantyre ndisanaphunzire zolemba mapulogalamu a kompyuta. Nditabwerera kumudzi ndinapeza achemwali anga ali ndi zidzukulu, achimwene ali m'busa wa mpingo umene sindinaumvepo, ndipo onse ankafunsa funso limodzi: kodi kunjako unkachita chiyani? Ndikati ndinkasamalira manambala, ankaseka. Anzanga ambiri anapita kukasamalira okalamba, zimenezo zinkamveka. Amayi anga mpaka lero amauza anzawo a mvano kuti ndinkagwira kubanki.

Pa Chileka ndinasiya mwamuna wanga ndi mwana wathu Tadala, wa zaka zinayi. Mgwirizano unali womveka bwino. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira inali yondiyesa. Akandikhazikitsa pa ntchito, tinali titagwirizana kuti awiriwo anditsatira. Akapanda kutero, chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangika ku ntchitoyo, ndiye kuti ndinayenera kulongedza n'kubwerera. Tadala ankafunsa pafoni Loweruka lililonse ngati ndege yake yafika.

Amene anandilandira anali bambo Mbewe ndi akazi awo, a ku Pollokshields. Bambowo anali mkulu wa mpingo umene Amalawi ambiri tinkapempherako, komanso katswiri wamkulu pakampani pathu; ndi iwo anaona kalata yanga yofunsira ntchito n'kuuza abwana kuti andiyese. Mayi Mbewe anali nesi. Ndinagona kwawo miyezi iwiri, m'chipinda cha mwana wawo amene anali ku yunivesite. Anandigulira jekete, anandiphunzitsa sitima yapansi imene imangozungulira masiteshoni khumi ndi asanu n'kubwerera pomwe yachokera, anandionetsa sitolo za amwenye kumene kumapezeka therere ndi chinangwa. Kenako ndinapeza chipinda ku Easterhouse, kwa mayi wina wachiskoti wamasiye, wosangalala, wokonda nkhani, amene asanagone ankazimitsa chilichonse cha magetsi pakhoma kupatula firiji. Ankati mita imadya ngati mwamuna wake wakale.

Ntchito yathu inali iyi. Nyumba zambiri za lendi mumzindamo zimagwira chinyontho, makoma amachita chuku, ana amatsokomola. Kampani yathu inkaika timasensa m'nyumbazo, kalikonse n'kumatumiza nambala ya chinyontho mphindi khumi zilizonse, kutanthauza manambala 144 pa tsiku. Kumapeto kwa mwezi tinkatulutsa mndandanda wa nyumba zonyowa kwambiri, ndipo amisiri ankayendera nyumbazo potsata mndandanda wathu. Manambala onsewo ankakhala mu arei, tebulo lalikulu la m'kompyuta: mzere umodzi nyumba imodzi, danga limodzi nthawi imodzi. Ife awiri, bambo Mbewe ndi ine, tinkasamalira timafankishoni, tizida ting'onoting'ono timene anzathu onse ankagwiritsa ntchito pa matebulowo. Kena kankasanja manambala, kena kankadula osatheka, kena kankapeza avereji ya tsiku. Palibe amene amatitchula tizida totere tikamagwira bwino, ngati mpeni wa kukhitchini.

Fankishoni yanga yoyamba inkayenda nambala imodzi imodzi, mzere ndi mzere. Ndinaiyatsa, tinapita kukadya, tinabwerako isanamalize. Bambo Mbewe anayang'ana pagalasi la kompyuta yanga, magalasi awo ali pamphuno.

“Amake Tadala, mukutola chimanga chimodzichimodzi pamene lichero lili pomwepo.”

Anafufuta mizere yanga khumi ndi iwiri n'kulemba umodzi, wouza kompyuta kuti igwire tebulo lonse nthawi imodzi. Inamaliza ndisanachotse dzanja pa kapu. Ndinaseka mokweza mpaka a pa desiki lina anatembenuka. Miyezi yotsatira inali ya zosangalatsa zotero. Ndinaphunzira kuti kompyuta imafulumira ikamawerenga manambala oyandikana m'memori, mmene imasungiramo zimene ikugwira, kotero kuyenda motsata mzere n'kwabwino kuposa kulumpha mizere. Ndinaphunzira kusapanga kope la tebulo ngati palibe chifukwa, poti kope lililonse limadya malo ofanana ndi tebulo lenilenilo. Ndinkabwerera ku Easterhouse pa basi ndikulemba timanambala pazenera la nthunzi. Malipiro oyamba nditatumiza kunyumba, mwamuna wanga ananditumizira chithunzi cha Tadala atavala nsapato zatsopano miyendo yosinthanitsa.

Chimodzi chokha chinkandivuta. Pakampanipo panali lamulo loti kodi iliyonse, kutanthauza mizere ya pulogalamu imene munthu walemba, isanayambe kugwira ntchito, munthu wina aiwerenge n'kusaina. Ndemanga zake zinkalembedwa poyera, aliyense n'kumaziona, ndipo sizinkafufutidwa. Mlungu wanga woyamba ndinawerenga zimene Callum, mnzathu wa msinkhu wanga, analembera bambo Mbewe: “Wilson, apa walakwitsa. Konza.” Ndinatsala pang'ono kutaya tiyi. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, kumutchula dzina loyamba n'kumulamula ngati wa sitandade fayifi! Bambowo anangolemba kuti zikomo, n'kukonza. Ine kwa Callum ndinkalemba ndemanga mosaopa, nthawi zina khumi pa tsamba limodzi. Kwa bambo Mbewe ndinapeza njira yanga. Ndikaona kachilema, ndinkasaina kuti zonse zili bwino, kenako pakapita masiku ndinkakakonza mwakachetechete m'kati mwa ntchito yanga ina. Ndinkadziona wanzeru. Kwathu ndi mmene timachitira: mkulu batani likamasuka, sumuuza pagulu.

Mwezi wachisanu, Lachisanu masana, ananditumizira fankishoni ya avereji ataikonzanso. Inali yokongola. Kale inkaphatikiza manambala 144 kuyambira pachiyambi nthawi iliyonse ikasuntha danga limodzi. Tsopano inkasunga chiwonkhetso, kuwonjezera nambala yolowa n'kuchotsa yotuluka, basi. Ntchito ya theka la ola inatsika kufika pa masekondi ochepa. Koma njira imeneyi sigwira ngati m'tebulo muli mipata, malo amene sensa sinatumize kanthu. Bambo Mbewe anadzaza mipatayo ndi ziro, n'kumagawabe ndi 144.

Ndinachiona msanga chifukwa cha kunyuzipepala. Ndinkakonza tsamba la mvula, ndipo mtolankhani wa ku Nsanje akapanda kuimba foni, tinkaika kamzere, osati ziro. Ziro amatanthauza kuti mvula sinagwe. Kamzere kamatanthauza kuti sitikudziwa. Ndipo ndinkadziwa nyumba zimene masensa ake amakhala chete: za anthu ngati mwini nyumba wanga wa ku Easterhouse, ozimitsa zonse pakhoma, ndi za amene magetsi awathera mu mita. Nyumba zozizira kwambiri ndi zonyowa kwambiri zikanaoneka zouma, n'kugwa pa mndandanda wa Lachitatu lotsatira.

Ndinayang'ana bokosi la ndemanga kwa nthawi yaitali. Bambowo anali pa desiki lawo, masitepe awiri kuchokera pa langa, akuimba chapansipansi nyimbo ya m'buku, osangalala ndi masekondi awo. Ichi sichinali kachilema koti n'kukonza mobisa. Kukonza kwake kunali kugwetsa pakati penipeni pa ntchito yawo. Ndinasaina kuti zili bwino. Ndinali ndi pulani ina.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, gulu linapita kwa a Mbewe monga mwa nthawi zonse. Abambo anakhala pabalaza kukangana za mpira, ana akuyankha makolo awo m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene ine ndinkachimva theka. Ndinatsatira mayi Mbewe kukhitchini, ndinatenga nsalu yopukutira mbale, ndinadikira kuti amayi ena atuluke. Ndinayamba patali, monga mmene zimafunikira: kuthokoza chifukwa cha jekete, kuyamikira luso la bambo. Mayiwo anatseka mpopi.

“Mwana wanga, mpunga ukupsa. Walakwa chiyani Wilson?”

Ndinawafunsa kuti wodwala akakana kuyezedwa kutentha kwa thupi, iwo amalemba chiyani pa khadi. Kodi amalemba ziro?

“Ziro ndiye kuti wafa,” anatero.

Ndinafotokoza zotsalazo ndi masipuni, ena oyang'ana kumwamba, ena ovundikira. Anamva msanga kuposa mmene Callum akanamvera. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani sindinawauze ndekha, poti timakhala moyandikana mlungu wonse. Ndinati pakamwa panga sipangatuluke mawu otero kwa munthu amene anandipatsa pogona. Anaseka mpaka kugwira pasinki.

“Zisiye m'manja mwanga. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwakonza bambowa iwo osadziwa.”

Lolemba ndinapeza bambo Mbewe atafika kale, fankishoni itakonzedwa. Anawonjezera tebulo lachiwiri, la wani pamene pali nambala ndi ziro pamene pali mpata, n'kumaliwonkhetsa mofanana, kuti avereji izigawidwa ndi manambala amene alipodi. Inali yothamanga ngati poyamba, ndipo tsopano yoona. Mtima wanga unakhala pansi. Pa msonkhano wa m'mawa, umene tinkachita choimirira kuti usatalike, anafotokoza monyadira mmene anachipezera cholakwikacho. Anati akazi awo, akumwa tiyi, anangofunsa mwachibwana kuti kodi nyumba ikazimitsa magetsi makina anu amati chiyani, ndipo iwo kapu inawaima m'malere. Anthu anawomba m'manja. Callum anati tiwalembe ntchito mayiwo, iye apite kukabaya majakisoni. Mayi Mbewe anagwira ntchito ya unkhoswe bwino kwambiri, mwakuti dzina langa silinatuluke n'komwe.

Masana omwewo Fiona, bwana wathu, anandiitanira m'kachipinda ka magalasi. Anali mayi wamfupi, wolankhula mofulumira, wosadziwa kuzungulira. Anatsegula ndemanga zanga zonse za miyezi isanu. Kwa Callum ndi ena, zambirimbiri, ndipo anati n'zabwino. Kwa Wilson, palibe ngakhale imodzi, ndipo pansi pa cholakwika cha Lachisanu panali dzina langa, kuvomereza.

“Pali ziwiri,” anatero. “Kapena kodi ya Wilson suiwerenga, kapena umaiwerenga n'kukhala chete. Sindikudziwa choopsa kwambiri ndi chiti. Nesi wachipeza ali kunyumba, iwe unali nacho pagalasi.”

Anati kwatsala milungu itatu kuti alembe kalata yondikhazikitsa kapena yonditsanzika, ndipo pakali pano sakudziwa kuti alemba iti. Ndinangoti ndamva. Kunena zoona kukanatanthauza kuti nkhani ya tiyi ija, imene bambo Mbewe anaikamba pamaso pa onse, inali sewero limene iwo okha ndi amene sankalidziwa. Ndinatsika masitepe aja. Loweruka linali kubwera, ndi funso la ndege.

Lachitatu mayi Mbewe anandiimbira foni za yunifomu ya kwaya, ndipo sindinamalize ngakhale moni asanafunse kuti chavuta n'chiyani. Ndinawauza, ndinawapempha kuti asanene. Anati chabwino, mwa mtundu wa chabwino amene nesi amauza wodwala wokana jakisoni.

M'mawa mwake, pa msonkhano woimirira, bambo Mbewe anapempha kuti akonze zimene ananena Lolemba. Analankhula pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akuwerenga zolengeza za mpingo. Anati cholakwika chija chinapezeka Lachisanu masana, pa desiki ilo, ndi munthu uyo. Kuchokera pa desikilo kufika pa lawo ndi masitepe awiri. Koma uthenga unakwera basi kupita ku Easterhouse, unagona kumeneko masiku awiri, unapita ku tchalitchi, unakwera sitima ya ku Pollokshields, unalowa kukhitchini, unatsuka mbale, n'kudzawapeza iwo pa tiyi.

“Pa mafankishoni onse amene tili nawo muno,” anamaliza, “palibe yochedwa ngati imeneyi.”

Ofesi yonse inagwa ndi phwete. Ine ndinkafuna pansi patatseguka, koma ndinapezeka ndikuseka nawo, misozi ili m'maso. Fiona anaseka kuposa onse, kenako anapukuta magalasi n'kunena kuti nkhaniyo yamukomera, koma khitchini sangaiike mu faili. Akufuna aone ndemanga yolembedwa.

Poweruka bambo Mbewe anandidikira pa masitepe, n'kundilankhula m'Chichewa, chimene muofesi sitinkachigwiritsa ntchito kawirikawiri.

“Amake Tadala, ulemu umenewu muzikandipatsa ku tchalitchi, ndipo kumeneko ndimaufuna wonse. Pano mukaona ndalakwitsa n'kundisiya, mwandisiya ndikuyenda mumsewu thalauza itang'ambika kumbuyo.”

Ndinati ndamva, bambo. Kumva kunali kosavuta. Mlungu wonse wotsatira kodi yawo inali yoyera, ndinaifufuza mzere ndi mzere ngati wosaka nsabwe, osapeza kanthu. Ndinayamba kuopa kuti masiku atha munthuyo asanalakwitsenso.

Mwayi unabwera kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Tinali ndi fankishoni yodula manambala osatheka: sensa ikamafa imatha kunena kuti chinyontho chapitirira handiredi peresenti, kapena chatsika pansi pa ziro. Fankishoniyo inkayamba yapanga kope la tebulo, n'kudula pa kopelo. Bambo Mbewe anachotsa kope kuti tipulumutse memori, tsopano inkadula pa tebulo lenilenilo. Koma panali kachida kena, ka Callum, kamene kankawerenga manambala osatheka omwewo kuti kadziwe masensa ofunika kusintha. Kakabwera pambuyo pa kudulako, kakanapeza tebulo loyera n'kunena kuti masensa onse ali moyo.

Mizere itatu inanditengera mphindi makumi anayi. Poyamba ndinalemba moni, kufunsa za kunyumba, ndi kupepesa kawiri. Ndinafufuta. Ndinakumbukira mkonzi wanga wakale, amene ankati nkhani iyambe ndi chimene chachitika. Ndinalemba kuti kusinthaku kukuwononga tebulo la amene akuigwiritsa ntchito fankishoniyo, kuti kachida ka masensa akufa kasiya kuona kanthu, ndipo sindikuvomereza mpaka kope libwerere. Ndinadina, n'kubisa manja pansi pa desiki.

Ndinkayembekezera zikomo, ngati amene Callum ankalandira. Yankho linabwera pasanathe mphindi zisanu: ayi. Analemba kuti kope limawirikiza memori, matebulo akukula mwezi uliwonse, ndipo amene akufuna tebulo lake losakhudzidwa azipanga yekha kope. Sanali kuchita sewero londithandiza. Anali atakwinya nkhope ngati mmene ankachitira pa nkhani za mpira.

Ndinayankha kuti fankishoniyo imagwiritsidwa ntchito malo asanu ndi anayi, ndipo eni malowo sakudziwa kuti yasintha khalidwe. Iwo anati awerenge malangizo. Ine ndinati palibe amene amawerenga malangizo a chida chimene wakhala akuchigwiritsa ntchito zaka zitatu. Tinalemberana tsiku lonse, masitepe awiri pakati pathu, osayang'anana, ofesi ili zii, aliyense akunamizira kugwira ntchito yake uku akuwerenga zathu. Pa ndemanga ya khumi ndi chimodzi ndinasiya mawu. Ndinalemba kayeso ka arei ya manambala asanu, imodzi yosatheka, kosonyeza kachida ka Callum kakupeza sensa yakufa kodi yakale ikagwira, n'kusapeza kanthu yatsopano ikagwira. Ndinawonjezera maganizo: fankishoni izipanga kope mwa nthawi zonse, koma wofuna kupulumutsa memori azitha kuiuza mwadala kuti idule pomwepo.

Panapita ola. Kenako anasintha kodi monga ndinanenera, osalemba liwu lililonse, anavala chipewa n'kutuluka osatsanzika. Lamulungu anandipatsa moni wa dzanja limodzi. Mayi Mbewe, kukhitchini, anati ndisadandaule: munthu amene anapempha yekha kuti azidzudzulidwa amafunika masiku atatu kuti akhululukire amene wamumvera.

Kalata ya Fiona inabwera Lachiwiri, ya ndime ziwiri. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndinaiwerenganso nditakhala, kenako ndinatsikira kusitolo ya pansi n'kugula mabanzi a ofesi yonse. Loweruka limenelo, kwa nthawi yoyamba, ndinali ndi yankho la funso la Tadala.

Mapepala anatenga miyezi ina itatu. Tsiku lofika, bambo Mbewe anakana zoti ndikwere basi; anabwera ndi galimoto yawo, atavala suti ya pa mgonero, ndi kajekete kofiirira ka mwana kamene mayi Mbewe anagula. Mvula inkagwa cham'mbali. Njira yonse yopita ku bwalo la ndege tinkakangana za fankishoni yatsopano yosanja, ndipo tinaphonya potembenukira kamodzi. Chitseko chitatseguka, Tadala anathamanga n'kundigwira m'miyendo mwamphamvu mpaka ndinatsala pang'ono kugwa. Mwamuna wanga anafika pambuyo ndi masutikesi, anavula chipewa, anagwira dzanja la bambo Mbewe ndi manja awiri, n'kuyamba kuthokoza mwa dongosolo lake: chifukwa cha pogona, chifukwa cha ntchito, chifukwa chosunga mkazi wake ngati mwana wawo. Anamaliza ndi kunena kuti akukhulupirira kuti sindinawavutitse.

“Wandivutitsa kwambiri,” anatero bambo Mbewe, akunyamula sutikesi yaikulu. “Mkazi wanuyu ndi wamakani, achimwene. Ndipo pa nkhani ya kope ija, mukamuuze kunyumba, mwaulemu, kuti ine ndinkanena zoona.”